Matabwa amene ndinadinda pa jeke ya ababa

Jeke ya ababa idakali kuseri kwa chigafa. Ndikamadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali. Akazi anga amati tingoigulitsa kwa anyamata ogula zitsulo aja, ine ndimangoti tiona. Tiona chiyani, kaya. Ndi jeke yodindira mabelo a fodya, koma chinthu chomaliza chimene ndinadindapo ine si fodya ayi. Ndinadindapo matabwa, matabwa opanda mtengo. Ndikanena choncho anthu osadziwa amaseka, ndiye ndiyambe kaye ndi za mitengozo.

Ndili mwana, kuno ku Chulu kunali thengo. Kumusi kwa mudzi wathu kunali milombwa, miwanga, ndi misuku yoti tinkadya mpaka m'mimba kupota. Sukulu ndinalekezera sitandade folo chifukwa ababa anati manja akuchepa ku fodya, ndipo ntchito yanga yoyamba inali kukoka nthambi iwo akagwetsa mtengo. Chigafa chimafuna mphanda, chimafuna mikangala yopachikapo fodya, ndipo chiswe chikadya, chaka chinacho umakadulanso. Mitengo ina ankagulitsa ku esiteti kumene ankawotchera fodya m'mabalani. Sikuti ndi ababa okha ayi, mudzi wonse unkatero. Kungoti ababa nkhwangwa inkawamvera kuposa anzawo. Lero mukaima pakhomo panga, munthu wa njinga mumamuona akadali kadontho kutali uko. Kwatsala mango ndi timabulugama towonda ngati ndodo.

Vuto limene sitinaliganizire pamene tinkadula linali la maliro. Kale munthu akamwalira, azibambo ankatenga sowo, dzuwa likamafika pamutu bokosi lakhomedwa. Pano ngati ulibe yogulira bokosi ku boma, adzukulu, anthu amene amakumba manda ndi kuyendetsa zonse za pamaliro aja, amangoyang'ana chitseko cha nyumba. Amazula, kuchekacheka, kuwonjezera kabenchi, bokosi lapezeka. Chitseko cha ababa, cha mlombwa weniweni, chinapita ndi mng'ono wanga. Kuyambira pamenepo pakhomo pawo pankangotsekedwa ndi kachitseko ka mapesi. Ndiye amene alibe ndi chitseko chomwe, amakulungidwa mu mphasa basi.

Ababa ankaiopa mphasayo. Njoka sankaiopa, ngongole sankaiopa, koma mphasa. Tikamachokera ku maliro a munthu woikidwa mu mphasa ankayenda osalankhula, kenako pafupi ndi kunyumba n'kungoti, "Munthu wamkulu ngati uja, kumumanga ngati mtolo wa nzimbe." Ine ndinkangomva, osadziwa kuti mawuwo adzagwera pamutu panga.

Chaka china titangomaliza kugulitsa fodya, analengeza kutchalitchi kuti kukubwera mayi wina wochokera ku boma kudzatiphunzitsa kupanga matabwa popanda kudula mtengo. Ine ndinati zabodza zimenezo. Akazi anga ndi amene anandikankha, akuti, "Pitani inu, mungokhala pano kumathamangitsa nkhuku?" Ndinapita.

Mayiyo sanali wonyada ayi. Anamanga chitenje chake, n'kukhala nafe pansi pa mango. Anatituma khonje, uja timabzala m'malire a minda. Tinapala, kutsuka ulusi wake, kuyanika, kudula tizidutswa. Anatituma makoko a mtedza, amene timangowataya kudzala, ndi mapesi a fodya, amene alangizi amati tizizula n'kuwotcha tikakolola. Zonsezo tinasinja mu mtondo. Kenako anatulutsa zigubu za utomoni wokoka ngati uchi, akuti umapangidwa kuchokera ku mafuta a nsatsi. Nsatsi zomwezi zimamera zokha kuseri kwa chimbudzi! Tinasakaniza ndi manja, kuthira m'chikombole, ndipo iye anayamba kudandaula kuti kachitsulo kake kopanikizira n'kakang'ono. Ine ndinangoti, "Nanga jeke ya fodya singathe?" Anaseka, akuti anthu a ku Kasungu chilichonse mumafuna muchidinde ngati belo. Koma titayesa zinatheka.

Thabwa litatuluka aliyense ankafuna aligwire. Mayiyo anatimenya manja. Anati likangochoka pa jeke limakhala ngati chikondamoyo chotentha, ukalipinda limapindika, ukakhoma msomali limang'ambika. Liyenera kugona pamthunzi podutsa mphepo masabata ndithu, mpaka utomoni ugwire. "Thabwa ili silidziwa zadzidzidzi," anatero.

Mkulu wina wogontha pang'ono anafunsa mokweza, "Nanga bokosi lingatheke?"

Azimayi anati, "Aaa, agogo inu, mwatopa nafe eti?" Anthu anaseka. Koma mayiyo anayankha bwinobwino kuti lingatheke, bola matabwawo akhale kuti unapangiratu. Kuseka kunathera pomwepo. Iye sanadziwe kuti wanena chiyani, kapena ankadziwa, kaya. Kwathu kuno bokosi sapangiratu. Ukakonza bokosi munthu akupuma ndiye kuti wamuitanira imfa. Amati watopa naye, ukufuna munda wake, mwinanso wakhwima.

Anatisiyira utomoni uja n'kubwerera, ndipo sanabwerenso. Anzanga anagwa ulesi msanga chifukwa khonje amayabwa, manja amatuluka timatuza. Zigubu zinathera kwa ine poti jeke inali kwathu. Ndinapanga kampando kakang'ono, kataumitsitsa ndinakapereka kwa ababa.

Nthawi imeneyo n'kuti atayamba kale kudwala. Miyendo inkatupa, mpweya unkawathera akangoyenda kufika pa nkhokwe. Kuchipatala anatipatsa mapilisi n'kutiuza kuti tizikawasamalira kunyumba. Amayi n'kuti atatisiya kalekale, ndiye ankawaphikira ndi akazi anga.

Anakatembenuza kampandoko, kukagogoda, kukanunkhiza, kukakanda ndi chikhadabo.

"Fodya ameneyu?"

"Mapesi ake, ababa. Ndi khonje, ndi makoko a mtedza."

"Ndiye fodya wadya mitengo yonse, lero wasanduka mtengo yekha?" Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapuma anafunsa, "Chiswe?"

"Akuti sichidya."

"Madzi?"

"Akuti salowa."

Anangokhala pa kampandoko n'kumayang'ana kumene kunali thengo kuja.

Patapita masiku anandiitana masana, akazi anga atapita ku chigayo. Anati ndikawadulire bango lalitali kudambo. Ndinkaganiza kuti akufuna kukonza kachitseko kawo ka mapesi kaja. Nditabwera nalo ndinawapeza atagona chagada pa mphasa, miyendo atawongola, manja ali m'mbali.

"Yeza," anatero.

Bango amayezera maliro. Adzukulu ndi amene amadula bango, kuyeza mtembo, n'kupita nalo kumanda ndi kwa okhoma bokosi.

"Ababa, imeneyo ndi ntchito ya adzukulu. Ine sindingathe."

"Adzukulu adzayeza chiyani? Mapesi awo?" Analoza pakhomo. "Iwe, ndakudyetsa ndi nkhwangwa ine. Milombwa yonse ya kumusi uko inagwa ndi dzanja ili. Ndiye ine ndikagone mu mphasa ngati nzimbe?"

"Simukufa, ababa."

"Usandinamize ngati mwana. Unanena wekha kuti matabwa akowo amafuna nthawi. Nthawi yake ndi ino."

Nditakanabe, analanda bangolo, kuligoneka m'mbali mwawo, kuligunditsa ku chidendene, n'kuthyola okha pamwamba pa mutu. Anandipatsa osandiyang'ana. "Usauze munthu. Akakufunsa uziti ukupanga chitseko."

Ndakhala ndikudzifunsa kuti mwana wabwino akanatani pamenepo. Kukana bambo ako akukupempha chinthu chimodzi chokha? Kapena kuvomera, n'kumasinja makoko a bokosi lawo iwo akumva kugunda kwa mtondo ali m'nyumba? Ine ndinavomera. Akazi anga ndinawauza, chifukwa munthu amene umafunda naye bulangete limodzi sungamubisire matuza a m'manja. Anangotenga mpeni n'kuyamba kupala khonje.

Ndinakhoma chikombole chachitali molingana ndi bango lija. Jeke ndi yaifupi, ndiye ndinkapanikiza mbali imodzi, kusuntha, kupanikiza inayo, pamwamba n'kusanjikapo njerwa. Thabwa loyamba linapindika ngati uta, ndinaliphwanya. Enawo anatuluka bwino, ofiirira, ulusi wa khonje ukuoneka mkati ngati mitsempha ya pa dzanja la nkhalamba. Ndinapanga aatali asanu ndi aafupi awiri, a kumutu ndi kumiyendo, ndipo utomoni unathera pomwepo. Ndinawagoneka m'chigafa pa mikangala, n'kuphimba ndi ziguduli. Bango ndinalitsamiritsa pakona. Chifukwa chimene sindinalitaye sindikuchidziwa. Mwina poti anathyola ndi ababa.

Tsiku lililonse ndikapita kukawaona ankandifunsa, "Chitseko chija chauma?" Ine, "Chikuuma, ababa." Ndipo ndikunena zoona, masiku amenewo ankadya bwino kuposa kale.

Kenako kunabwera azakhali, mlongo wawo wa ababa, amene anakwatiwa ku Chamama. Anamva kuti achimwene awo matenda akula, ndiye anabwera kudzadwazika. Ndi mayi wolimba, wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndipo ababa ankawakonda kwambiri. Anatsala awiri okha mwa obadwa m'mimba mwa amayi awo.

Tsiku lina m'mawa dzuwa litakwera, ine ndili kudimba, ndinamva kulira kumudzi. Kulira kwa maliro kumadziwika, sikufanana ndi kwina. Ndinataya khasu n'kuthamanga, mumtima ndikuti ababa apita. Anthu ankatuluka m'minda, azimayi ena atayamba kale kulira asanafike n'komwe. Nditafika ndinapeza ababa ali moyo, atakhala pakhonde pa kampando kaja, akudabwa ngati ife tonse. Wolira anali azakhali. Anali atalowa m'chigafa kufunafuna pamene nkhuku ikuikira, n'kuvundukula ziguduli. Anaima pabwalo bango lili m'manja.

"Mwana iwe! Ichi n'chiyani?"

"Ndi za chitseko, azakhali."

"Chitseko? Chitseko chake chiti chokhala ndi kumutu ndi kumiyendo? Ukundiyesa wakhungu? Ndaika anthu angati ine, ndisalidziwe bango?" Anatembenukira kwa anthu. "Bwerani mudzaone, abale anga. Bambo ake akudya, akulankhula, iye wawakonzera kale nyumba. Watopa nawo! Munda ukumuchedwera!"

Anyamata anatulutsa matabwa onse n'kuwayala pabwalo. Atayalidwa choncho, ngakhale mwana akanadziwa. Panalibe chonamizira. Ndinayang'ana ababa. Ndinkadziwa kuti akangotsegula pakamwa nkhani yatha.

Azakhali anagwada patsogolo pawo. "Achimwene, ndiuzeni pamaso pa anthuwa. Munamutuma ndinu?"

Ababa anayang'ana miyendo yawo yotupa ija. Anayang'ana mlongo wawo, nkhope yonse misozi. Panali akulu a mpingo awiri, anzawo amene ankabwera kudzawapempherera kuti achire.

"Ine ndinangoti pakhomo panga pakulowa mphepo," anatero.

Basi. Mawu ake anali amenewo.

Ine ndikanati chiyani? Kuti bambo anga odwala akunama? Pamaso pa mudzi wonse? Ndinangoima ngati chitsa. Anthu anayamba kung'ung'udza, wina akuti ana a masiku ano, wina akuti n'chifukwa chake ankalimbikira yekha za khonjezi anzake atasiya. Akulu anagwirizana kuti zinthuzo ziwotchedwe lero lomwe, imfa ione kuti pakhomo pano sinaitanidwe.

Anasonkha moto pakati pa bwalo. Linayamba ndi bango. Kenako aafupi awiri aja, kenako lalitali limodzi, kenako lina. Sankayaka msanga. Ankafuka utsi wakuda wonunkha nsatsi ndi fodya, ndipo ababa anayamba kutsokomola, koma anakana kulowa m'nyumba. Ankangoyang'ana motowo.

Atagwira lachitatu, akazi anga anatuluka pakati pa azimayi n'kugwada. Ndi munthu wosalankhula pagulu, mpaka lero ndimadabwa.

"Pepani akuluakulu, ine ndine mtengwa chabe. Koma apongozi anena okha kuti mphepo ikuwalowera. Tikawotcha onse, usiku agonanso ndi mphepo yomweyo. Ngati ndi chitseko, bwanji atatu atsalawa akhome tonse tikuona, chikhale chitseko?"

Anthu anayang'anizana. Mkulu wa mpingo mmodzi anati mayiyu wanena zanzeru. Azakhali anapukuta maso n'kuti, "Akhome pompano. Ine ndikuona." Ndinalumikiza matabwa atatuwo ndi timitengo ta bulugama, kudula mphira wa tayala kuti chizitsegukira, n'kuchikoloweka pakhomo pa ababa. Kutalika kwake kunapitirira pang'ono, ndinachita kukumba pansi. Ndinadzimenya ndi hamala kangapo. Msomali unkalowa bwino, osang'amba. Anali atauma.

Ababa sanafe chaka chimenecho. Mvula inabwera, inawomba chitsekocho dzinja lonse, sichinafufume. Iwo anadya nawo chimanga chachiwisi, anadya maungu. Azakhali ankauza aliyense kuti, "Mwaona? Titangowotcha zija, achimwene atsitsimuka." Anthu ankavomera. Ine nthawi zina ndinkati mwina akunena zoona, ndine ndani ine wa folo. Nthawi zina ndinkati ayi, ndi mapilisi. Ku chitsime akazi anga ankapatsidwa moni wa m'mphuno. Munthu wina amene anandiuza kale kuti ndidzamupangire tebulo anatumiza mawu kuti wasintha maganizo.

Ine ndi ababa nkhaniyi sitinaikambe. Ndinkawasambitsa, ndinkawameta, tinkakamba za mitengo ya feteleza. Kamodzi kokha, azakhali atapita kumtsinje, ndinawapeza akusisita chitseko chija ndi chikhatho.

"Utomoni uja unatsalako?"

"Unatha, ababa."

"Mayi uja sabweranso?"

"Sindikudziwa kumene ali."

Anagwedeza mutu. Patapita kanthawi anati, "Tsiku lija pakamwa panandilemera." Kaya kunali kupepesa, kaya kunali kungonena. Ndinawathandiza kudzuka n'kuwalowetsa m'nyumba.

Anamwalira nthawi yozizira, anthu akusankha fodya. Chaka chimenecho fodya wathu anali asanapite ku okushoni, m'nyumba munalibe kanthu, ndipo za bokosi la ku boma panalibe amene anazitchula n'komwe. Adzukulu anabwera, anadula bango lawo, analowa kukayeza. Potuluka mkulu wawo anaima pakhomo, anayang'ana chitseko, n'kuuza anzake kuti zulani. Palibe anatsutsa. Ndi mwambo wake umenewo, chitseko cha womwalira. Azakhali anali m'nyumba ya siwa, akumva misomali ikuzulidwa.

Atagoneka bango lawo pa thabwa, kunapezeka kuti palibe chodula. Adzukulu paja amaseka pamaliro, ndi ufulu wawo. Mkuluyo anati, "Aaa, koma chitseko ichi n'chaulemu, chimadziwa msinkhu wa mwini wake." Anzake anaseka. Iye atandiyang'ana anasiya kuseka.

Thabwa limodzi linakhala pansi, awiri m'mbali. Kumutu anaphwasula kampando kaja, kumiyendo anapeza kachidutswa ka benchi yakale. Chinatsala ndi chivundikiro. Anazungulira mudzi wonse. Chitseko changa ndi cha lata. Ena awo ndi a mapesi, ndipo amene ali ndi cha thabwa sungamuuze kuti azule chake, nayenso ali ndi tsiku lake. Matabwa awiri amene akanavundikira aja phulusa lake linali litakokoloka kale ndi mvula pabwalo pomwepo pamene ankakhomerapo.

Dzuwa linkapendeka, manda anali atatha kukumba. Mapeto ake azakhali anatuluka m'nyumba atanyamula mphasa yatsopano, imene anabwera nayo kuchokera ku Chamama kuti azigonapo. Anaipereka kwa adzukulu ndi manja awiri. Sanandiyang'ane, inenso sindinawayang'ane. Anaipinda kawiri, kuikhomera pamwamba, n'kuphimba ndi nsalu.

Ndaika anthu ambiri ine. Pamene abusa amati dothi ku dothi, n'kuponya dothi loyamba lija, limagunda pa bokosi, phokoso lake limamveka mpaka kumbuyo kwa gulu, ndipo azimayi amayambiranso kulira. Pa ababa ndinatchera khutu. Dothi linagwera pa mphasa, osamveka kanthu. Ndinaponya langa, chimodzimodzi.

Ndiye ndimati ndikakhala, ndimadzifunsa kuti kodi ababa anapita m'bokosi kapena mu mphasa? Kumsana ndi m'nthiti anagonera matabwa anga. Kumaso kuli mphasa imene ankaiopa ija. Akazi anga amati, "Munayesetsa, bambo, sanamangidwe ngati nzimbe." Mwina. Koma ndimaganizabe kuti ndikanangotaya bango lija kudambo, azakhali mwina akanakhulupirira za chitseko. Kapena ndikanalankhula tsiku lija, n'kuwachititsa manyazi pang'ono bambo anga ali moyo, kuti adzagone bwino atafa. Chabwino chinali chiti pamenepo? Ndafunsapo mkulu wa mpingo wina, anangoti Mulungu sayang'ana bokosi. Zoona, koma ababa ankayang'ana.

Azakhali anabwerera kwawo maliro atatha. Tikakumana pa zovuta za pachibale timapatsana moni, amafunsa za ana, basi. Nyumba ya ababa ilibe chitseko mpaka lero, mbuzi zimalowa kukabisala dzuwa. Kuseri kwa chigafa nsatsi zamera zambiri kuzungulira jeke ija. Akazi anga amati ndizidule zikuitana njoka. Ndimatenga chikwanje, ndimafika pomwepo, kenako ndimabwerera.